Charlie Chaplin: Mwana wa Njala Amene Anaseketsa Dziko Lonse

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:

Lero tibwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, nthawi imene mafilimu analibe mawu ndipo zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi. Munthu wathu ndi Charlie Chaplin.

Ngakhale simunaonerepo filimu yake, mwina chithunzi chake munachionapo penapake: kamunthu kakafupi, kachipewa kozungulira pamutu, jekete lothina, thalauza lalikulu lokhwepa, nsapato zazitali zoloza kunja, tindevu tochepa pansi pa mphuno, ndi kandodo ka nsungwi m'manja. Panali nthawi imene nkhope imeneyi inkadziwika kuposa ya mfumu iliyonse padziko. Funso limene ndikufuna tiyende nalo ndi lakuti, nthabwala zake ankazitenga kuti? Ine ndikukhulupirira kuti ankazitenga ku njala imene anaidziwa yekha m'mimba mwake.

Charles Spencer Chaplin anabadwa pa 16 Epulo 1889 kumwera kwa mzinda wa London. Makolo ake onse awiri anali oimba m'maholo achisangalalo, momwe anthu wamba ankapita madzulo kukamvera nyimbo ndi kuonera zisudzo zoseketsa. Bambo ake anali ndi mawu abwino ndipo ankadziwika ndithu, koma mowa unawagwira. Anasiyana ndi mkazi wawo Charlie akadali wamng'ono kwambiri, ndipo anamwalira mu 1901 ali ndi zaka 38 zokha, chiwindi chitawonongeka. Udindo wonse wolera Charlie ndi mkulu wake Sydney unatsala m'manja mwa mayi awo, a Hannah.

M'buku la mbiri ya moyo wake, limene linatuluka mu 1964, Chaplin akufotokoza za usiku umene anakwera pa nsanja koyamba. Anali ndi zaka zisanu. Mayi ake ankaimba pamaso pa asilikali m'tauni ya Aldershot, mawu awo n'kusasa mwadzidzidzi nyimbo ili mkati. Asilikali aja anayamba kuwakuwiza. Woyang'anira holo, posowa chochita, anagwira kamnyamata kaja padzanja n'kukaimika pamaso pa anthu. Kanayamba kuimba, ndipo ndalama zachitsulo zinayamba kugwa pansanja. Kanaima, n'kuuza anthu kuti kayambe katola ndalamazo kenako kapitiriza. Holo yonse inafa ndi phwete. Mwanayo sankachita nthabwala ayi. Ankadziwa kuti ndalama zimenezo ndi chakudya cha mawa. Usiku umenewo ndi umene mayi ake anaimba komaliza pamaso pa anthu.

Zitatero umphawi unalowa m'nyumba osagogoda. Mayi Hannah ankasoka zovala za anthu kuti apeze ya lendi, koma sizinkakwana. Mu 1896, Charlie ali ndi zaka 7, banja lonse linakalowa m'nyumba yosungira amphawi ya ku Lambeth. Nyumba zimenezi ku England zinali zochititsa manyazi kulowamo. Pakhomo pomwe ankalekanitsa mayi ndi ana ake, kuwavula zovala zawo n'kuwaveka yunifolomu. Kuchoka pamenepo anyamata awiriwo anawatumiza kusukulu ya ana amasiye ndi osowa ku Hanwell, kumene Charlie anadwala chipere, n'kumumeta mpala. Patapita zaka ziwiri mayi ake anadwala misala ndipo anawatengera kuchipatala cha Cane Hill. Ankachira n'kutuluka, n'kudwalanso, mpaka mu 1905 anabwererako osatulukanso kwa zaka zambiri.

Komabe Chaplin moyo wake wonse ankanena kuti mphunzitsi wake woyamba anali mayi akewo. Akakhala pawindo la kachipinda kawo, ankayang'ana anthu odutsa mumsewu n'kumawatsanzira kayendedwe, n'kumauza ana awo kuti uyu wakangana ndi mkazi wake m'mawa uno, uyo wavala nsapato zatsopano zomuthina. Mwana anaphunzira kuwerenga munthu pomuona mapewa ndi miyendo, asanatsegule pakamwa. Luso limeneli ndi limene linadzamudyetsa.

(NYIMBO YAIFUPI)

Zaka zotsatira tizidutsa msanga. Asanakwanitse zaka 10 anali kale m'gulu la ana ovina lotchedwa Eight Lancashire Lads. Ali ndi zaka 14 anapeza mbali m'sewero la Sherlock Holmes. Mu 1908 mkulu wake Sydney anamupezera malo m'gulu la zisudzo la Fred Karno, ndipo kumeneko anatchuka posewera ngati bambo woledzera. Mnyamata amene mowa unamulanda bambo ake ankadziwa bwino mmene chidakwa chimayesera kuyenda mowongoka kuti anthu asachizindikire. Gulu la Karno linapita ku America mu 1910, ndipo mmodzi mwa anzake pa ulendowo anali Stan Laurel, amene anadzatchukanso pambuyo pake. Mu 1913 kampani ya mafilimu ya Keystone, ya Mack Sennett, inamulemba ntchito pa malipiro a madola 150 pamlungu.

Kumayambiriro kwa 1914 ndi pamene kamunthu kachipewa kaja kanabadwa. Anauzidwa kuti avale zoseketsa, iye n'kusankha zovala zotsutsana: thalauza lalikulu koma jekete laling'ono, chipewa chaching'ono koma nsapato zazikulu. Tindevu tija anaika kuti aoneke wamkulu popanda kubisa nkhope yake. Anthu anakaona koyamba m'filimu yaifupi yotchedwa Kid Auto Races at Venice. M'chaka chimodzi chokhacho Chaplin anasewera m'mafilimu oposa 30. Mu 1915 kampani ya Essanay inkamulipira madola 1,250 pamlungu. Mu 1916 ya Mutual inamupatsa madola 670,000 pachaka. Anali ndi zaka 26, ndipo panali patangodutsa zaka 20 chilowereni m'nyumba ya amphawi ija. Mu 1919, pamodzi ndi Mary Pickford, Douglas Fairbanks ndi D. W. Griffith, anakhazikitsa kampani ya United Artists kuti pasakhale bwana womuuza chochita ndi mafilimu ake.

Tsopano tiime pang'ono pa kamunthu kameneka, chifukwa nzeru zonse za Chaplin zili mwa iko. N'kosowa pogona, kosowa ntchito, kongoyendayenda. Koma sikavomera kuti ndi kachabechabe. M'filimu ya The Kid, ya mu 1921, timakaona kakuyenda m'kanjira konyansa ngati bwana amene akupitidwa mphepo m'mawa. Kakuima, n'kuvula magolovesi obooka zala zonse, chala chimodzichimodzi, mwaulemu. Kenako kakutulutsa chitini chakale cha nsomba m'thumba, kuchitsegula, n'kuyang'ana mofatsa zotsalira za ndudu zimene katola mumsewu, kusankha imodzi yabwino koposa. Anthu otere timawadziwa ngakhale kwathu kuno: munthu ali ndi malaya amodzi okha, koma Loweruka madzulo amawachapa, Lamlungu m'mawa n'kuwasita ndi simbi ya makala mpaka kolala kuima. Timaseka inde, koma sitimuseka iyeyo. Timaseka chifukwa tamuzindikira, ndipo mumtima tili kumbali yake.

Filimu ya The Kid imeneyi ndi imene inaonetsa kuti misozi ndi kuseka zingathe kukhala m'mbale imodzi. Chaplin anayamba kuikonza patangopita masiku ochepa mwana wake woyamba atamwalira, atangokhala ndi moyo masiku atatu, mu 1919. Nkhani yake ndi ya woyendayenda uja amene watola khanda lotayidwa n'kulilera. Mwanayo atakula pang'ono, awiriwo akupeza njira yodyera: kamnyamata kakugenda mawindo a anthu n'kuthawa, ndipo posachedwa bambo uja akutulukira pakona atabereka magalasi kumsana, wokonzeka kukonza. Koma akuluakulu a boma atabwera kudzatenga mwanayo kuti apite naye kosungira ana amasiye, kuseka kumatha. Jackie Coogan, amene ankasewera ngati mwanayo, akulira ali pa lole atatambasula manja, ndipo Chaplin akuthamanga pamadenga a nyumba kuti akamulanditse. Amene anakonza chithunzi chimenecho ndi munthu amene analekanitsidwapo ndi mayi ake pakhomo la ku Lambeth. M'chaka chomwecho cha 1921 anaitanitsa mayi akewo kuchoka ku England, n'kuwapezera nyumba ndi owasamalira ku California, kumene anakhala mpaka imfa yawo mu 1928.

(NYIMBO YAIFUPI)

Ngati mukufuna kuona njala itasanduka nthabwala, onerani The Gold Rush ya mu 1925. Anthu awiri ofuna golide atsekeredwa ndi chipale chofewa m'kanyumba kamatabwa, chakudya chatha. Chaplin akuphika nsapato yake. Chimene chimaseketsa si nsapatoyo ayi, koma mmene akuiphikira. Akuibaya ndi foloko kuti aone ngati yapsa. Akupukuta mbale, kuika nsapato bwinobwino, kuthirapo msuzi wake. Akugawa, koma mnzake akumulanda chikopa cha pamwamba, iye n'kutsala ndi chapansi chokhala ndi misomali. Zingwe akuzikulunga pa foloko n'kumadya mokoma, misomali akuiyamwa umodziumodzi monga mmene munthu amachitira ndi mafupa a nkhuku. Mnzake wamkulu thupi uja akungotafuna mokwiya, ndipo njala itamukwera m'mutu akuyamba kumuona Chaplin ngati nkhuku yeniyeni n'kumuthamangitsa ndi mfuti. Nsapato imene ankadya pojambula inali yopangidwa ndi maswiti akuda otchedwa liquorice. Koma maganizo a nkhaniyi anachokera ku zinthu zoopsa zenizeni. Chaplin anawerenga za gulu la apaulendo lotchedwa Donner Party, limene linatsekeredwa m'mapiri a ku California m'chaka cha 1846, ena mpaka kudya zikopa ndi mitembo ya anzawo.

Anthu ambiri amaganiza kuti woseketsa amangodzuka n'kuseketsa. Chaplin ankavutika ndi nthabwala iliyonse mpaka ogwira naye ntchito kutopa. Nthawi zambiri sankalemba sewero lonse asanayambe. Ankamanga malo ojambulira, kuyatsa kamera, n'kumayesa, kubwereza, kutaya, kuyambiranso. Chitsanzo chodziwika ndi cha City Lights, ya mu 1931. Mtsikana wosaona wogulitsa maluwa anayenera kuganiza kuti woyendayenda uja ndi munthu wolemera. Koma angaganize bwanji zimenezo popanda mawu, iye wosaona? Chaplin anajambula kachigawo kameneka maulendo 342. Yankho linadzapezeka ndi ili: pothawa wapolisi, woyendayenda akudutsa mkati mwa galimoto yapamwamba yoima pamsewu, kulowa khomo lina n'kutulukira lina. Mtsikana akumva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, n'kuganiza kuti amene watsika ndi mwini wake. Kanthu ka masekondi ochepa, koma nkhani yonse yatsamira pamenepo. Pamapeto mtsikanayo wachira maso ndi ndalama zimene woyendayenda anamupezera, ndipo akumuona ali m'nsanza osamudziwa, mpaka atamugwira dzanja. Kwa ine palibe filimu ina imene imatha bwino kuposa imeneyi.

Kumbukirani kuti nthawi imeneyi mafilimu olankhula anali atayamba kale, kuchokera mu 1927 pamene The Jazz Singer inatuluka. Anzake ambiri ntchito inawathera pomwepo. Chaplin anakana kuti kamunthu kake kalankhule. Ankadziwa kuti kakangotsegula pakamwa m'Chingerezi, kasiya kukhala ka aliyense. Masiku ano m'nyumba zoonetsera mafilimu m'matauni mwathu timadalira anyamata otanthauzira m'Chichewa kuti timve zimene zikunenedwa. Mafilimu a Chaplin safuna wotanthauzira. Wa ku Japan, wa ku India ndi wa ku Africa amaseka pamalo amodzimodzi.

Mu Modern Times, ya mu 1936, anatembenukira ku mafakitale ndi ulova. Anali atayenda m'maiko ambiri n'kuona anthu osowa ntchito chifukwa cha kugwa kwa chuma cha dziko, ndipo ali ku London mu 1931 anakumana ndi Mahatma Gandhi n'kukambirana za makina ndi anthu osauka. M'filimuyi iye ndi wantchito womanga mabawuti pa lamba woyenda. Belu lopumira likalira, manja ake akupitirizabe kugwedezeka okha. Abwana akubweretsa makina odyetsa wantchito kuti asamataye nthawi ndi nkhomaliro, ndipo akuwayesa pa iye. Makinawo akusokonekera: chimanga chachisononkho chikuzungulira mothamanga pamano pake, supu ikumukhuthukira pachifuwa, chopukutira pakamwa chikumumenya mbama. Palinso malo ena amene ndimawakonda. Kambendera kofiira kochenjeza kagwa pa lole. Iye akutola n'kumathamangira loleyo akukupiza kuti abweze. Kumbuyo kwake, iye osadziwa, kwatulukira chikhamu cha antchito ochita zionetsero. Apolisi akumugwira ngati mtsogoleri wawo. Zaka zingapo pambuyo pake, zofanana ndi zimenezi zinadzamuchitikira iye mwini.

(NYIMBO YAIFUPI)

Adolf Hitler anabadwa patangopita masiku anayi Chaplin atabadwa, mwezi womwewo, chaka chomwecho, ndipo onse awiri ankadziwika ndi tindevu tofanana. Chaplin anaona kuti angathe kugwiritsa ntchito kufananaku. Anayamba kujambula The Great Dictator mu Seputembala 1939, nkhondo itangoyamba ku Ulaya, ndi ndalama za m'thumba mwake, anthu ambiri akumuletsa. Inatuluka mu 1940, America isanalowe m'nkhondo. Anasewera mbali ziwiri: wometa tsitsi wachiyuda, ndi wolamulira wankhanza dzina lake Adenoid Hynkel. Pali chigawo chimene Hynkel ali yekha mu ofesi, akuvina ndi chibaluni chojambulidwa mapu a dziko lonse, kuchiponya m'mwamba ndi dzanja, ndi mutu, ndi matako, mpaka chikumuphulikira kumaso. M'filimu imeneyi ndi mmene Chaplin analankhula koyamba mawu omveka, ndipo anaitseka ndi kulankhula kwa mphindi zingapo, atayang'ana kamera, kupempha anthu kuti akane nkhanza. Pambuyo pake analemba kuti akanadziwa zoopsa zenizeni za m'misasa yophera anthu ya chipani cha Nazi, sakanatha kuipanga filimuyo.

Omvera athu, sitingakambe za munthuyu moona tikabisa mbali yake yoipa. Chaplin anakwatira kanayi. Akazi ake awiri oyamba, Mildred Harris ndi Lita Grey, anali ndi zaka 16 zokha pamene ankawakwatira, iye ali bambo wamkulu, wolemera ndi wamphamvu pa ntchito imene atsikanawo ankafuna. Maukwati onsewo anatha moipa. Zimenezi zinali zolakwika, ndipo luso lake silizifafaniza. Munthu amene ankamvetsa bwino kwambiri kupweteka kwa wofooka pa kanema sanachite chifundo chomwecho kwa ofooka amene anali m'nyumba mwake. Mkazi wake wachitatu anali Paulette Goddard, amene anasewera naye mu Modern Times. Mu 1943, ali ndi zaka 54, anakwatira Oona O'Neill wa zaka 18, mwana wa wolemba masewero Eugene O'Neill. Ukwati umenewu ndi umene unakhalitsa mpaka imfa yake, ndipo anabereka ana 8.

Nkhani za akazi zimenezi, pamodzi ndi ndale, zinamudanitsa ndi anthu ambiri ku America. Anakhala m'dzikomo zaka pafupifupi 40 osatenga unzika wake. Pa nthawi ya nkhondo analankhula poyera mothandiza dziko la Soviet Union polimbana ndi Hitler. Bungwe la FBI, pansi pa J. Edgar Hoover, linkamulonda kwa zaka zambiri pomuganizira kuti ndi wachikomyunizimu, ngakhale iye ankakana. Mu Seputembala 1952 anakwera sitima ya pamadzi ya Queen Elizabeth ndi banja lake kupita ku London kukaonetsa filimu yake ya Limelight. Ali pakati pa nyanja analandira uthenga wakuti boma lamulanda chilolezo chobwerera. Sanapemphe kuti amukhululukire. Anakakhazikika ku Switzerland, m'mudzi wa Corsier-sur-Vevey, pafupi ndi nyanja ya Geneva.

Panadutsa zaka 20 asanapondenso ku America. Mu 1972 anamuitana kukalandira mphoto yaulemu ya Oscar. Anali nkhalamba ya imvi, woyenda movutika, ndipo anthu m'holo anaimirira n'kumuombera m'manja kwa mphindi 12. Mu 1975 Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wa Sir. Anamwalira m'tulo pa tsiku la Khirisimasi, 25 Disembala 1977, ali ndi zaka 88. M'mwezi wa Malichi 1978 anthu awiri anafukula bokosi lake kumanda n'kulibisa, akufuna dipo kwa mkazi wake. Mayi Oona anakana kulipira. Apolisi anawagwira anthuwo, bokosi linapezeka patapita milungu 11 litakwiriridwa m'munda wa chimanga, ndipo analiikanso m'manda omangidwa ndi konkire.

Ntchito yake inabala zipatso kutali. Ku India, Raj Kapoor anatenga kamunthu koyendayenda kaja n'kukapatsa moyo wa m'misewu ya kwawo m'mafilimu monga Awaara ya mu 1951 ndi Shree 420 ya mu 1955. Mr Bean wa Rowan Atkinson, amene ana athu amamukonda, amayenda m'njira imene Chaplin ndi anzake a mafilimu opanda mawu analambula: thupi ndi nkhope zimalankhula, pakamwa pali duu. Chaplin ankapekanso yekha nyimbo za m'mafilimu ake, ngakhale sankatha kuwerenga manotsi a nyimbo. Ankaimba chapansipansi kapena kuliza piyano, akatswiri n'kumalemba. Nyimbo yotchuka ya Smile, imene Nat King Cole anaimba mu 1954, maimbidwe ake anachokera mu Modern Times. Nyumba yake ya ku Switzerland inasanduka malo osungirako mbiri yake, ndipo inatsegulidwa kwa alendo mu 2016.

Amene muli ndi foni kapena kompyuta ya intaneti, mafilimu ake ambiri akale amapezeka mosavuta. Yambani ndi The Kid. Ndi ya pafupifupi ola limodzi, ndipo mungathe kuonera pamodzi ndi ana komanso agogo, popeza palibe amene adzafunse kuti wanena chiyani. Kenako mupite ku The Gold Rush ndi City Lights.



(NYIMBO YOTSEKERA)